Mbale ya Zalihe

Lachiwiri, 22 Epulo 2003

Akuti mawa atsegula njira yopita kutsidya, mbali ya mzinda ya Aturuki. Wailesi yanena, Stavrula mwana wanga wanena, ngakhale wogulitsa mazira wanena. Ine ndati tiona. Msewu wanga uno wakhala ukuthera pa migolo ya mchenga ndi waya waminga zaka 29, ndiye mawa migoloyo imera miyendo?

Kope ili ndi lachisanu ndi chiwiri chimwalirire mwamuna wanga Pieris. Ndinayamba kulemba chifukwa m'nyumba munalibenso wokangana naye. Stavrula amaseka kuti zilembo zanga zimayenda ngati nkhuku zoledzera. Aseke. Iye ndinamutumiza ku sukulu, ine sindinapondeko. Bambo ankati mtsikana wodziwa kulemba amalembera anyamata. Zilembo ndinazitola ndekha pa matumba a ufa kumalo ophikira buledi kumene ndinakanda mtanda zaka 31, zina pa mapepala a maliro omata pa mapolo a magetsi. Mawu anga oyamba kulemba anali "ufa" ndi "wamwalira". Mpaka lero awiriwa sindiwaphonya.

Sabata Loyera ili. Tchizi ndagula, mazira ndagula, mphesa zouma zilipo. Atsegule asatsegule, Lachinayi ndiphika flauna, timabanzi tathu ta tchizi ta Pasaka.

Lachitatu, 23 Epulo

Atseguladi.

Osati pamsewu wanga. Migolo ili pomwepo, mphaka wake wogona pamwamba ali pomwepo. Atsegula uko kunja kwa linga la mzinda, pa hotela yakale ya asilikali osungitsa mtendere a zipewa zabuluu. Pa TV anthu akukankhana ngati pogawa nyama, azibambo a ndevu zoyera akulira poyera. Manyazi.

Kokos mkamwini wanga wafika thukuta lili kamukamu. "Amayi, valani nsapato, tikaone Omorfita! Tikaone nyumba yanu!"

Ndafunsa kuti pachipatapo akufuna chiyani. Wayamba kukanda khutu. Pasipoti. Aturuki aione, ulembe kapepala, ubwereko tsiku lomwelo.

Ndati, "Pasipoti? Mchombo wanga unagwera mu Lefkosia muno. Ndionetse pasipoti kuti ndiwoloke msewu? Kodi ndi ku Paris?"

"Amayi, muli nayo kale, ija munapita nayo ku London kukanyoza tiyi wa mpongozi wanu."

"Ku London ndinali mlendo."

Wati ndine mwala. Ndati mwala ndiwo umagwira nyumba, pitani nokha a Kokos, mimba yanuyo ikakulambulireni njira. Wapita.

Stavrula nayenso analipo. Potuluka wakweza maso pamwamba pa kabati. "Nanga mbale ya eni ake ija, amayi?"

Mbale ya Zalihe. Ya mkuwa, m'mphepete muli zilembo zakale za Chituruki zimene mwini wake yemwe sankatha kuwerenga. Zalihe anali mnansi wanga ku Omorfita zaka 14. Khoma limodzi, mtengo wa mandimu umodzi, wa mizu kwake nthambi kwanga, mkangano wa tsiku ndi tsiku. Iye Msilamu, ine Mkhristu, koma anandichiritsa pobereka Stavrula azamba atachedwa. Anabwera nayo mbaleyi Lachinayi lina mu Disembala 1963, ili ndi timabanzi ta maungu totentha. Mwambo wake ngakhale mwana amaudziwa: mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Ndinati ndidzambwezera ndi makeke a Khirisimasi. Kenako mfuti zinayamba, Aturuki a m'dera lathu anathawa, Angerezi anajambula mzere pa mapu. Mu 1974 inakhala nthawi yathu yothawa. Ndinasiya zithunzi za ukwati, ndinasiya makina osokera, ndinanyamula chithunzi cha Mariya Woyera ndi mbale ya eni ake. Pieris anatukwana njira yonse.

Ndamuyankha Stavrula kuti mbale yadikira zaka 40, singathamange lero.

Lachinayi Loyera, 24 Epulo

Flauna. Ndakanda m'mamawa. Stavrula wabwera kudzathandiza, kutanthauza kudzadya mphesa zouma.

Kokos watulukira masana ndi nkhani zodzaza m'kamwa. Nyumba yathu ilipo, aipenta pinki. Pinki! Mtengo wa mandimu anaudula, aikapo thanki ya madzi. Anthu okhalamo anamupatsa khofi, akuti nawonso anathawa kwawo ku Pafo. Nyumba ya Zalihe inagwa kalekale, pamaima magalimoto. Ndati chabwino, ndipatseni chitowe icho.

Sanasunthe. "Ndinafunsa pamalo omwera khofi. Nkhalamba ina yolankhula Chigiriki chamakedzana ngati chanuchi yandiuza. Mayi wa mbale uja ali moyo."

Akuti akukhala ndi mwana wake Sevilay m'kati mwa linga momwemuno, kuseri kwa mzikiti uja timaumva.

"Amayi, mutaponya mwala pamwamba pa migolo yanuyi mungaswe zenera lake."

Zaka 29 ndimamva kuitana kwa mzikiti umenewo kasanu pa tsiku. Kwa masana ndimaikira nako mphika pamoto. Sindinadziwe kuti makutu athu akumwa pa chitsime chimodzi.

Thireyi yachiwiri yapserera. Chibadwire sindinapserezepo flauna. Ndanamizira uvuni.

Kokos waonjeza ali ndi flauna yopserera m'kamwa, "Mwamuna wake, wometa tsitsi uja, akuti anasowa mu 63. Sanapezeke mpaka pano." Ndati ndikudziwa. Wati mukudziwa bwanji. Ndati tulukani m'khitchini mwanga, mukundidyera mpweya.

Zisanu ndi imodzi zooneka bwino ndaziika padera, ndavindikira kansalu. Palibe wafunsa kuti n'za ndani. Bola.

Lachisanu Loyera, 25 Epulo

Kutchalitchi ndapita. Ambuye ali m'manda koma anthu nkhani ndi kutsidya basi. Wina kumbuyo kwanga: "Aturuki a m'nyumba mwanga anandisungira buku la zithunzi zaka zonsezi." Wina: "Ine anandiuza kuti takulandirani, m'nyumba mwanga momwe!" Kwa ansembe ndaulula zomwe ndimaulula chaka chilichonse: mkwiyo, pakamwa, kunyoza mpongozi. Chija ayi. Zaka 40, ansembe anayi, palibe anachimvapo. Pieris anafa osachidziwa. Ndichilembe pano, kope silitukula nsidze.

Linali tsiku loti mawa lake Khirisimasi, masana. Pieris anali atatsekeredwa kuntchito m'tauni masiku atatu, misewu yosadutsika. Mfuti zinkamveka kumunsi kwa msewu. Anyamata athu omwe, Agiriki, akulowa nyumba ndi nyumba kutenga amuna a Chituruki. Ena ndinkawadziwa amayi awo. Ana ndinawalowetsa kunsi kwa bedi. Ine, kaya mutu unali kuti, ndinali nditadzaza mbale ya Zalihe ndi makeke, shuga woyera pamwamba, ngati tsiku wamba.

Ndiye kugogoda ku chitseko chakuseri. Katatu mofulumira, kamodzi pambuyo. Kagogodedwe ka Zalihe.

"Fora. Fora, ndine. Ife akazi satikhudza. Behich yekha, umulowetse m'chipinda cha makala mpaka apite. Fora!"

Behich, mwamuna wake. Munthu wamanyazi, wometa tsitsi, amene anameta Pieris m'mawa wa ukwati wathu. Ndinamumva akutsokomola kuseri kwa chitseko. Ndinamva Sevilay, wa zaka 8, akuti, "Amayi aang'ono alimo, ndikuona mapazi awo."

Ndinaima, mbale ili m'manja. Chitsekocho chinali ndi kampiringidzo kamodzi, chala chimodzi chikanakwana. Ndinaganiza za ana kunsi kwa bedi. Ndinaganiza za anyamata aja akapeza Mturuki m'makala mwanga. Ndinabweza mapazi pang'onopang'ono kuti asaoneke pansi pa chitseko.

Anagogodanso kawiri. Kenako Behich anati, "Msiye, Zalihe, ali ndi ana." Iyeyo ndiye anandipezera chifukwa.

Dzuwa lisanalowe anamutenga pamodzi ndi ena. Mawa lake Zalihe ndi ana anachoka wapansi, mitolo pamutu. Ndinawaona pa kampata ka katani.

Makeke aja ndinapatsa nkhuku.

Ndiye akati bwanji simukupita, ndimati pasipoti. Si bodza, sindikufuna kuionetsa. Koma likanakhala vuto la pasipoti lokha, bwenzi nditawoloka Lachitatu ndisanavale n'komwe nsapato.

Loweruka, 26 Epulo

Kokos wapitanso. Munthu ameneyu wazindikira kuti nyama yootcha ya kutsidya ndi yokoma, ndiye wasanduka kazembe wa mtendere. Sindinamutume, koma wakagogoda kwa Zalihe. Mwini wake sanamuone, akuti anali atagona. Sevilay ndiye analankhula naye pakhomo. Ndi mphunzitsi tsopano. Wabwerako mano onse ali mbee.

"Anthu aulemu, amayi! Ndati ndine mkamwini wa Mirofora wa ku Omorfita. Iye wati, 'Mukawauze kuti kwathu kuno munthu akagogoda timatsegula.' Mwamva? Akukuitanani!"

Ndati ndamva.

Mwana uja sanaiwale mapazi.

Lamulungu la Pasaka, 27 Epulo

Khristu wauka. Ine ndadzuka ngati andimenya.

Chakudya kwa Stavrula. Nyama ya nkhosa, mazira ofiira. Pogundanitsa mazira langa lasweka koyamba, Kokos wavina ngati walanda mzinda. Kenako nyimbo yomweyo: mupita liti, mupita liti. Ndayambanso za pasipoti, za mchombo, za ulemu wa munthu. Ndalankhula bwino ndithu, mchimwene wake wa Kokos mpaka wawomba m'manja kuti amayi awa akanakhala khumi dziko silikanagawika.

Potsuka mbale tinatsala awiri. Stavrula, osandiyang'ana, wati, "Amayi, ndinali kunsi kwa bedi, sindinali kunsi kwa nthaka. Ndinamva."

Ndati unamva chiyani iwe, unali ndi zaka 6.

Wagogoda pa sinki ndi chala chonyowa. Katatu, kamodzi pambuyo.

Madzi amangothamanga pampopi, palibe wotseka.

"Bwanji sunanene zaka zonsezi?"

"Ndimadikira inu. Nanga inu mumadikira ndani?"

"Ndinachitira iwe ndi mlongo wako."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake nanenso chimandilemera. Kaperekeni mbale ija, amayi, mutitule tonse."

Ndamuuza kuti zaka 46 koma matambula sakudziwabe kutsuka. Ndabwerera kunyumba wapansi, galimoto ya Kokos ndaikana.

Lolemba, 28 Epulo

Sindipita.

Lolemba lomwelo, madzulo

Flauna zisanu ndi imodzi zija zayamba kuuma. Zalihe angadziwe ndi kuluma kumodzi. Ankati Agiriki tinaba chakudya chimenechi kwa iwo, dzina lake lenileni ndi pilavuna, ndipo ine ndimaumira mazira ngati ndimaikira ndekha. Ndakandanso zina. Mazira sindinaumire.

Mbale ndaikwecha ndi ndimu ndi phulusa mpaka mkono kuwawa.

Pasipoti inali m'chitini cha mabatani. Ndangoitulutsa kuti ndione ngati inatha. Sinathe.

Lachiwiri, 29 Epulo

Ndapita. Ndilembe zisanasakanikirane m'mutu.

Ndinatenga Stavrula yekha. Kokos ndinamuuza kuti si ulendo wa nyama. Mzere maola atatu padzuwa. Bambo wina anandipatsa mpando wopinda, ndinakana kawiri, kachitatu ndinaumvera chisoni mpandowo. Pawindo wapolisi wa Chituruki wandipatsa kapepala, wandiona kugwira cholembera, wati, "Agogo, ndikulembereni?" Ndati ndili ndi manja. Ndalemba dzina langa lonse chilembo ndi chilembo, am'mbuyo akung'ung'udza. Wafunsa kuti pansi pa nsalu pali chiyani. Ndati mbale ya eni ake, ndikukabweza. Wati, "Ya liti?" Ndati ya 63. Waseka. "Mwafulumira, agogo." Ndati munatseka msewu.

Ndimaganiza kuti potambasula dzanja ndi pasipoti china chake chithyoka m'kati mwanga. Palibe. Chidindo pa kapepala, basi, wotsatira.

Tazungulira mtunda wonsewo kuti tikafike kuseri kwa nyumba yanga yomwe. Ndaona migolo yanga kumsana kwake. Mphaka uja ndamupeza akudya pakhomo la Mturuki. Wakuba ameneyu, zaka zonsezi amadya kuwiri.

Chitseko chobiriwira. Stavrula wakweza dzanja, ndamugwira. Ndagogoda ndekha, ndipo dzanja langa lachita zake osandifunsa: katatu, kamodzi pambuyo.

Chatseguka pomwepo, ngati amaima kuseri kwake. Sevilay. Imvi, magalasi, maso a bambo ake. Wayamba wayang'ana mapazi anga, kenako nkhope.

"Mayi Mirofora."

Osati amayi aang'ono. Chigiriki chake chidakali chija cha ali mwana, chothyokathyoka.

Mawu ndinali nditawakonza chichokere Lachisanu. Ndati, "Sevilay, mwana wanga, tsiku lija..."

"Musandiuze ine, ndinalipo. Ngati mwabwera kudzapepesa kwa amayi, mwachedwa ndi zaka zitatu. Mutu wawo unapita. Ine amanditcha Nazife, dzina la mkulu wawo. Masiku ano sakudyanso. Lowani."

Zalihe anali pazenera pa mpando wa ndalema, wochepa ngati mwana, mpango woyera kumutu. Manja okha ndi omwe aja. Wandiyang'ana ngati akuyang'ana khoma. Ndalankhula, palibe. Ndatchula dzina langa, palibe. Ndiye ndachotsa nsalu pa mbale.

Maso ake atsikira pa mkuwa. Chala chayenda pa zilembo za m'mphepete, pang'onopang'ono, chazungulira mbale yonse.

"Fora! Waulesi iwe! Ndinakupatsa mbale Lachinayi, lero ndi lachingati?"

"Lachiwiri."

"Masiku asanu! Ndimayesa wagulitsa kwa osula." Wanyema flauna, wanunkhiza. "Ehe, lero waikamo mazira. Wamwalira ndani?"

Ndipo wadya. Yonse, mpaka kunyambita chitowe pa zala. Sevilay ali pakhomo dzanja kukamwa.

Ndagwada, ine amene mawondo anakana kugwada zaka khumi zapitazo kupatula kutchalitchi. Ndati, "Zalihe, ndimvere. Tsiku lija unagogoda kwathu..."

Wandigwira tsaya. "Ndikudziwa, m'bale wanga. Ukanapanda iwe! Ndimauza aliyense, msewu wonse unatseka zitseko, Fora yekha anatsegula. Behich ali bwanji? Akutsokomolabe? M'makala muja mumazizira, umupatse bulangeti."

Ndatembenukira kwa Sevilay. Sanandithandize. Wangoti chapansipansi, "Chiyambire matendawa amainena choncho."

Ine Mirofora sindinama. Ndinauzapo bishopu pamaso kuti ulaliki wake ndi wautali. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene zimene ndinabwerera, kuti ndinalimo, ndinamva, ndinabisa mapazi. Ndinkafuna anditukwane. Andilavulire. Ndinayenda ulendo wonsewu kuti munthu mmodzi yekha woyenera andiuze kuti ndine galu.

Zala za Zalihe zandifinya dzanja. "Ali kwanu, eti? Fora? Ali kwanu?"

"Ali kwathu."

"Akudya?"

"Akudya. Dzulo wameta Pieris, wamucheka khutu."

Waseka mpaka kutsamwa. "Akachita mantha manja amanjenjemera, munthu wanga uja. Umuuze asatuluke mpaka anyamata aja atapita. Asamvere zoti kwachita bata."

"Ndimuuza."

Stavrula watuluka panja. Ndamumva akulira kukhonde.

Kenako Zalihe wakuwa ndi mawu ake akale, a mayi wa pakhomo. "Nazife! Tsuka mbaleyi, uikemo buledi wa maolivi. Behich sakhuta ndi zotsekemera za Agirikizi." Ndati ayi, mbale ndi yako, ndabweza. Wandiyang'ana ngati ndapenga. "Ndiye mwamuna wanga adyera pati? Pansi?"

Sevilay watsuka, wadzaza, wavindikira ndi nsalu yanga yomwe. Watiperekeza mpaka pakhomo.

"Zaka 40 ndimalakalaka mutadzaima pamaso pawo kuti akuuzeni zonse. Taonani zimene Mulungu wachita."

Wandipatsa mbale m'manja.

"Sindinakukhululukireni."

"Sindinapemphe."

"Mwezi wathunthu sanamalizepo chakudya." Wavula magalasi, wapukuta, wavalanso. "Lachinayi mubwere nayo mbaleyo. Mukonzeretu zonena. Adzafunsa za bambo."

Pobwerera wapolisi uja wandizindikira. "Agogo, mwabwerera nayonso? Anaikana?" Aka n'koyamba m'moyo wanga mwamuna kundiseka ine osamubwezera.

Lachitatu, 30 Epulo

Buledi wa Behich wakhala patebulo chifikireni dzulo. Kudya sindingathe, si wanga. Kutaya n'tchimo. Nkhuku ndilibe, ndipo ndikanakhala nazo sindikanabwereza.

Kwathu chakudya cha womwalira sitidyera m'nyumba. Timagawira odutsa, aliyense atchule dzina, anene kuti Mulungu amupumitse. Dzina la Msilamu ansembe sangaliwerenge paguwa, ndikudziwa, sindikawavutitsa n'komwe. Manda alibe. Kaya wina anamuchitirapo chilichonse, sindikudziwa.

Ndadula tizidutswa. Ndatsegula chitseko, ndaima pakhomo ndi mbale.

Woyamba wogulitsa mazira. Ndati tengani, nenani kuti Mulungu apumitse Behich. Wati, "Be-ndani?" Ndamubwerezetsa katatu mpaka walitchula ngati munthu. Kenako wa makalata. Kenako msilikali wa pa migolo, wayang'ana uku ndi uku, wadya msanga, watchula.

Kalistheni wa nyumba yoyang'anana nayo sakanapirira. Wawoloka msewu atavala masilipasi, pakamwa patsogolo.

"Behich? Limenelo si dzina la Chituruki? Ndi ndani wanu ameneyo, a Mirofora?"

"Mlendo wanga. Amakhala kwanga kuno."

"Chiyambire liti? Ife sitinamuonepo."

"Satuluka. Idyani, mutchule dzinalo."

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Kaya waona chiyani. Watenga kachidutswa komaliza, wadzilemba mtanda, watchula.

Mbale yatsala yopanda kanthu. Mawa Lachinayi. Ufa ulipo, dzungu ndapempha Stavrula agule, ndipanga timabanzi ta Zalihe tija, anyoze mmene angafunire.

Tsopano zokamuuza Zalihe za Behich. Ndizilembe kuti ndisasokoneze, ndilibe luso la bodza.

Buledi wadya yense, wati mchere unachepa.

Chifuwa chayamba kuchepa.

Wafunsa ngati Sevilay akupita ku sukulu.

Bulangeti ndamupatsa.